Mlandu wa malo suola: zimene zimacitika lamulo lofunsa eni nthaka likacotsedwa

Ambiri a ife m'maboma a Petauke ndi Nyimba tilibe pepala lililonse la munda umene timalima. Tikafunsidwa umboni timaloza mtengo wa mango umene anabzala agogo, culu ca pamalire, manda a makolo, ndi anyakwawa amene adziwa pamene munda wa uje unalekezera. Umboni wotere watisunga zaka zambiri. Koma umacepa mphamvu tsiku limene munthu afika pa galimoto ndi opima malo, cikalata cocokera ku Lusaka cili m'manja, nayamba kukhoma mabikoni pakati pa tsala lathu. Pa tsikulo funso limakhala limodzi: kodi pali lamulo limene linam'kakamiza munthuyu kutifunsa asanatenge malowo?

Lamulolo lilipo, ngakhale kuti ndi lofooka. M'maiko ena andale akukangana zocotsa malamulo a mtundu umenewu, ndipo maboma akulimbana ndi anthu amene amatseka misewu ndi njanji podandaula za malo ao. Nkhanizi zimamveka ngati zakutali tikazimva pa wailesi, koma zikutikhudza. Mbiri ya kuno kwathu ndi ya kwina ikutiphunzitsa cinthu cimodzi: kucotsa lamulo lofunsa eni malo sikuthetsa mkangano. Kumangousamutsa kucoka pabwalo la milandu kupita pamsewu, ndipo pamsewu ndi pamene anthu amavulala ndi kufa.

Kodi eni nthaka ndani?

Pa 13 Seputembala 2007 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza cikalata ca maufulu a anthu a mitundu yoyambirira kukhala m'dziko. Maiko oposa 140 anavomera, ndipo Zambia inali pakati pao. Anai anakana, ndiwo Australia, Canada, New Zealand ndi United States, koma pambuyo pake onse anai anasintha maganizo. Cikalataci si lamulo limene munthu angapite nalo kukhoti ku Chipata, koma mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva: anthu asacotsedwe pa malo ao, ndipo malo ao asapatsidwe kwa ena, popanda kuwafunsa nthawi ikalipo, kuwauza zoona zonse, ndi kumva kuvomera kwao kosakakamizidwa.

Ku Canada kapena ku New Zealand mau akuti eni nthaka amanena mitundu imene inatsala yocepa azungu atadzaza dziko. Kuno sizili conco, pakuti Ansenga, Acewa, Angoni, Aambo ndi mitundu ina yonse ndife ambiri m'dziko lathu ndipo timadzilamulira tokha. Koma vuto lenileni ndi lofanana. Pali anthu amene ali ndi malo mwa mwambo, ndipo pali ena amene ali ndi malo mwa cikalata ca boma. Awiriwa akakumana pakhoti, mwini cikalata ndiye amayamba ali patsogolo. Cimene cimateteza mwini malo a mwambo ndi ziganizo zocepa za m'lamulo zonena kuti afunsidwe.

Tinapitamo kale

Dera lathu lino linalawapo kale zimene zimacitika malo akaperekedwa eni ake osafunsidwa. Ca m'ma 1890 Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese anati walandira cilolezo kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni. Cilolezoco cinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inapatsidwa dziko lokwana masikweya mailosi pafupifupi 10,000, kuphatikizapo mbali yaikulu ya maboma a Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndi Petauke. Ansenga sanali pa msonkhano umenewo. Dziko lao linalembedwa m'mabuku a ku London ngati katundu wa kampani.

Mu 1928 boma la atsamunda linadula malo ochedwa marizevu n'kulamula anthu akuda kuti asamukiremo, kuti nthaka yotsalayo idikire alimi acizungu. Alimiwo sanabwere ambiri monga anayembekezera. M'marizevu anthu anapanikizana, nthaka inaguga, njala inacuruka. Kumene anthu anacokako thengo linamera, nyama zinabwerera, ndipo kashembe anafalikira n'kupha ng'ombe. Mu 1941 boma lomwelo linagula kwa kampaniyo maekala oposa 3 miliyoni kuti libwezeremo anthu, ndipo mu 1947 linakhazikitsa malo a mtundu wina ochedwa Native Trust Land. Zinatenga zaka pafupifupi 50 kuti akonze pang'ono cabe cimene cinaonongeka ndi siginecha imodzi. Midzi ina imene tikhalamo lero inamangidwa pa kusamuka kumeneko.

Lamulo limene tili nalo

Lamulo la malo la 1995 linaphatikiza marizevu ndi Trust Land kukhala malo a mwambo. Limanena kuti nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Gawo 7 limavomereza kuti amene ali ndi malo mwa mwambo apitirize kukhala nao. Gawo 3, ndime 4, limaletsa Pulezidenti kupereka malo a mwambo kwa munthu asanaganizire mwambo wa deralo, asanafunse mfumu ndi khonsolo, ndiponso asanafunse munthu aliyense amene angakhudzidwe. Ngati malowo ali m'dera la nyama, monga West Petauke kapena Sandwe, a zanyama zam'thengo naonso afunsidwe. Gawo 8 limalola kusintha malo a mwambo kukhala a taitolo ya zaka zosapitirira 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza.

Mau akuti munthu aliyense amene angakhudzidwe ndiwo cishango cathu. Mu 1999, pa mlandu wa Siwale, khoti la Supreme linaweruza nkhani ya munthu amene anatenga taitolo ya malo a mwambo a malemu atate ake osawauza abale ake, ndipo linati abalewo anayenera kufunsidwa. Conco kufunsa si ulemu cabe, ndi lamulo.

Koma cishangoci cili ndi mabowo atatu. Loyamba, lamulo silinena m'mene kufunsako kucitikire: msonkhano wa anthu angati, woitanidwa ndi yani, wolembedwa ndi yani. Kalata ya mfumu ndi maminitsi a khonsolo nthawi zambiri zimakwanira, ngakhale amai amene amatola nkhuni ndi bowa m'thengomo sanamve kanthu. Laciwiri, msewu wake ndi wopita kokha. Malo akasinthidwa kukhala a boma, lamulo silinaike njira yowabwezera ku mwambo, ngakhale wogulayo alephere kulima, agulitse kwa wina, kapena banki iwalande pa ngongole. Madzi akatayika saoleka. Lacitatu, palibe lamulo la Nyumba ya Malamulo lofotokoza m'mene malo a mwambo angalembedwere popanda kuwasandutsa a boma. Amalawi anakhazikitsa lamulo lotere mu 2016 ndipo analikonzanso mu 2022. Lili ndi mavuto ake, koma lilipo.

Zotsatira zake zikuoneka m'ziwerengero. Timamva kawirikawiri kuti malo a mwambo ndi 94 pa 100 a dziko lonse, koma ciwerengero cimeneci ndi ca nthawi ya ufulu. Ofufuza awiri, Nicholas Sitko ndi Jordan Chamberlin, anawerengera mu 2016 kuti ukacotsa nkhalango za boma, malo a nyama, matauni, mafamu ndi madzi, otsalira alimi ang'onoang'ono ndi pafupifupi theka cabe la dziko. Panthawi yomweyo anthu tikuculuka: tinali 13 miliyoni mu 2010, ndipo pa kalembera wa 2022 tinapitirira 19 miliyoni. Golide wa ku Sasare, mitengo ya mukula, malonda a mpweya wa kaboni m'nkhalango za m'cigwa ca Luangwa, ndi mapuloti a m'mbali mwa msewu waukulu, zonsezi zikukweza mtengo wa nthaka imene kale inkapatsidwa ndi nkhuku imodzi. Kuno ufulu wa malo a mwambo sucotsedwa tsiku limodzi m'Nyumba ya Malamulo. Umatha hekitala imodzi imodzi.

Tsiku limene mafumu anaturuka

Pa 28 Febuluwale 2018 boma linaitanitsa msonkhano ku Lusaka wovomereza ndondomeko yatsopano ya malo. Nduna ya zamalo panthawiyo inali mai Jean Kapata. Mafumu, motsogoleredwa ndi wapampando wa Nyumba ya Mafumu, Mfumu Ngabwe, anakana cikalataco n'kuturuka m'cipindamo. Dandaulo lao linali lakuti maganizo ao sanalembedwemo, ndiponso kuti mphamvu zao pa malo zikuperekedwa ku makomiti a boma. Boma linabwerera m'mbuyo, linakambirananso, ndipo ndondomeko ina inaturutsidwa mu Meyi 2021. Palibe amene anatseka msewu, palibe amene anaomberedwa, cifukwa odandaulawo anali ndi mpando pamalo pamene nkhani inkakambidwa ndipo kuturuka kwao kunamveka.

Tiyeneranso kunena coona cina, mwaulemu wonse kwa mafumu athu. Ufulu wa mfumu ndi ufulu wa mlimi si cinthu cimodzi nthawi zonse. Mafumu ambiri ateteza malo a anthu ao molimba mtima. Koma m'dziko muno mwamvekanso milandu ya malo operekedwa anthu okhalapo osadziwa. Mu 2017 bungwe la Human Rights Watch linalemba za mabanja a ku Serenje amene anathamangitsidwa pa malo amene analimapo zaka zambiri kuti apatse mpata mafamu aakulu. Lamulo labwino liyenera kuteteza ufumu ku boma, komanso kuteteza mai wamasiye ku aliyense amene ali ndi cidindo.

Mongu ndi Bagua

Kuti tione cimene cimatsatira lamulo lotere likafafanizidwa, sitifunika kuturuka m'Zambia. Pa 18 Meyi 1964, ku London, a Kenneth Kaunda, Litunga Mwanawina III ndi nduna ya Britain a Duncan Sandys anasaina pangano la Barotseland, limene linasiya nkhani za malo, nkhalango, usodzi ndi makhoti a mwambo m'manja mwa Litunga ndi bwalo lake. Mu 1969, pambuyo pa riferendamu, Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko n'kuthetsa panganolo, ndipo dera lija linachedwa Western Province. Boma linati likumanga mtundu umodzi. Pa pepala nkhani inatha.

Koma mlandu suola. Patapita zaka zoposa 40, pa 14 Januwale 2011, anthu anafuna kusonkhana kuti akambirane za panganolo, apolisi anakaniza, ndipo ku Mongu kunabuka cipolowe. Anthu osacepera awiri anafa, ambiri anavulala, oposa 100 anamangidwa. A Michael Sata atalowa m'boma anamasula omangidwawo n'kuika komiti yofufuza motsogoleredwa ndi a Rodger Chongwe. Mu Marichi 2012 msonkhano waukulu wa Alozi ku Limulunga unagamula zofuna kudzipatula ku Zambia. Ife sitikulemba kuti tiweruze nkhani yodzipatulayo, ndipo timakonda dziko lathu lili limodzi. Tikungoona kuti cimene cinayamba ngati dandaulo la malo ndi ulemu cinakula kufika pamenepo cifukwa cinasowa bwalo.

Ku Peru, dziko la ku South America, zinacitika mofulumira koposa. Mu 2008 boma la Pulezidenti Alan García linakhazikitsa malamulo ofewetsa njira yoperekera nkhalango za Amazon ku makampani a mafuta, matabwa ndi migodi, mitundu ya kumeneko osaifunsa. Mu Epulo 2009 anthuwo anayamba kutseka misewu ndi mitsinje. Pa 5 Juni apolisi anapita kukatsegula msewu mwamphamvu pafupi ndi tauni ya Bagua. Anthu 33 anafa, ndipo 23 mwa iwo anali apolisi. Pasanathe masabata awiri Nyumba ya Malamulo inafafaniza awiri mwa malamulo aja, ndipo mu 2011 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza boma kufunsa eni nthaka. Cimene anakana kupereka pa msonkhano anacipereka pambuyo pa maliro 33.

Ofuna kucotsa malamulowa amati ciani?

Tiwamvere bwino, pakuti si onse ali ndi mtima woipa. Ku British Columbia, cigawo ca kumadzulo kwa Canada, aphungu onse anavomereza mu Novembala 2019 lamulo logwirizanitsa malamulo a cigawoco ndi cikalata ca United Nations cija. Patangopita miyezi itatu, mu Febuluwale 2020, apolisi anamanga anthu a mtundu wa Wet'suwet'en amene ankaletsa paipi ya gasi ya makilomita 670 kudutsa m'dziko lao, ndipo anzao m'zigawo zina anatseka njanji mpaka sitima zambiri za katundu ndi za anthu zinaima kwa masabata. Pa cisankho ca 2024 cipani ca Conservative m'cigawoco cinalonjeza kucotsa lamulo lija, ndipo cinatsala pang'ono kupambana.

Zifukwa zao timazimvanso kuno. Amati nzika zonse zikhale pansi pa lamulo limodzi. Amati wobweretsa ndalama amafuna kudziwa msanga ngati malo ndi ake, apo ai amapita kwina ndipo acinyamata amakhala opanda nchito. Amati anthu ocepa sayenera kuimitsa citukuko ca dziko lonse. Amafunsanso kuti wolankhulira anthu ndani kwenikweni, pakuti ku Canada kuja makhonsolo osankhidwa a mitundu 20 ya m'mbali mwa paipiyo anasaina mapangano ndi kampani, pamene mafumu a mwambo a Wet'suwet'en anakana.

Mfundo zimenezi zili ndi kulemera kwake. Nafenso tifuna misewu, magetsi, mafakitale ogula nshawa ndi soya wathu, ndi njanji yocokera ku Chipata kudutsa pa Petauke kukafika ku Serenje imene yakhala ikulonjezedwa. Koma taonani kumene mfundozo zikuloza. Ngati vuto ndi kucedwa, mankhwala ake ndi njira yofunsira yomveka bwino, yokhala ndi masiku owerengeka. Ngati vuto ndi lakuti sitidziwa wolankhulira anthu, mankhwala ake ndi kulemba poyera amene ayenera kupezeka pamsonkhano. Palibe vuto mwa amenewa limene limatha ndi kuleka kufunsa. Wamalonda amene wapeza taitolo mwa cidule amagula pamodzi ndi mkangano, ndipo adzalipira alonda, maloya ndi waya woduliwa caka ndi caka. Ndiye woyamba kupindula anthu akafunsidwa moona.

Nanga msewu wa Great East?

Anthu akaona kuti kalata zao sizikuyankhidwa, maganizo amapita ku msewu. Tonse tidziwa kuti cigawo ca kum'mawa cimapumira msewu umodzi, wodutsa pa mlatho wa Luangwa, Kacholola, Nyimba, Minga ndi Petauke. Mitengo iwiri ndi miyala zingaimitse cigawo conse. Ndico cifukwa cake njirayi imakopa anthu okwiya, ndipo ndico cifukwa cakenso ife tikunena momveka kuti si njira yoti tiitenge.

Msewu umenewu ukatsekedwa, woyamba kuvutika si mwini famu kapena bwana wa ku unduna. Ndi wodwala amene ali mu ambulansi yopita ku UTH, mai wa ku Nyimba amene nthochi zake zikupsa pa msika, mlimi amene akudikira feteleza mvula itayamba, mwana wa sukulu amene watsala panjira usiku. Kutseka msewu ndi mlandu, ndipo amene amagona m'selo ndi anyamata a m'mudzi, osati amene anawatuma. Ciwawa cikangoyamba, nkhani imasintha: mawailesi amaleka kukamba za malo n'kuyamba kukamba za galimoto yotenthedwa.

Koma boma nalonso lili ndi mbali yake, ndipo ndi yaikulu cifukwa ndilo lili ndi mfuti. Malamulo aakulu a dziko amapatsa nzika ufulu wosonkhana ndi kulankhula. Lamulo la Public Order linacokera kwa atsamunda mu 1955. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake asanu ndi awiri, khoti la Supreme linagamula kuti kukakamiza nzika kupempha cilolezo ca apolisi kuti zisonkhane n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Nyumba ya Malamulo inakonza lamulolo kuti anthu azingodziwitsa apolisi kutatsala masiku 7. Ngakhale conco, pansi pa maboma osiyanasiyana cidziwitsoco cakhala cikutengedwa ngati pempho, ndipo yankho lozolowereka ndi lakuti apolisi ndi ocepa. Boma limene limakaniza anthu kuyenda mwamtendere ndi cikalata cao kupita kwa DC, ndilo limawakankhira ku msewu waukulu. Ndipo anthu akafika pamsewupo, utsi wokhetsa misozi ungatsegule njira ya magalimoto pa ola limodzi, koma suyankha funso lakuti mundawo ndi wa yani. Ku Mongu ndi ku Bagua mfuti inafika nkhani isanakambidwe. Wotumidwa woyamba pa mkangano wa malo akhale munthu wokhala ndi mphamvu yoimitsa nchito pamalopo kufikira mapepala aonedwe, osati galimoto ya apolisi a cipolowe.

Zimene tikupempha kwa olamulira

Coyamba, ndime yofunsa anthu okhudzidwa isafooketsedwe pa kusintha kulikonse kwa lamulo la malo, koma ilimbitsidwe. Lamulo linene kuti pakhale msonkhano wa poyera pamalo penipeni, wolengezedwa nthawi ikalipo, m'Cinsenga kapena m'Cinyanja, amai ndi acinyamata alipo, ndipo maina ndi maminitsi apacikidwe pa khonsolo.

Caciwiri, Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo la malo a mwambo, lopatsa mphamvu zikalata zosainidwa ndi mfumu. Zimenezi si maloto, pakuti zinayesedwa kuno komwe. Bungwe la Petauke District Land Alliance, ndi thandizo la USAID, linayenda ndi anthu m'minda ya m'dera la Mfumu Sandwe, kenaka la Mfumu Nyamphande, kupima malire ndi mafoni, anansi akucitira umboni, ndi kulemba zikalata zokhala ndi maina a mwamuna, mkazi ndi ana. Nchito yotere siyenera kudalira alendo, makamaka tsopano pamene USAID inatsekedwa mu 2025. Ndi udindo wa boma lathu ndi makhonsolo athu.

Cacitatu, pakhale njira yobwezera ku mwambo malo amene anatengedwa mwa cinyengo kapena amene agona osagwiritsidwa nchito. Cacinai, bwalo la milandu ya malo, la Lands Tribunal, lizifika m'maboma kawirikawiri, pakuti mlimi wa kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe sangakwanitse maulendo a ku Lusaka pa mlandu wozengerezedwa katatu.

Zimene ife eni tingacite

Tisadikire bikoni. Banja lililonse liyende m'malire a munda wake pamodzi ndi anansi ndi anyakwawa, lilembe pa pepala, onse asaine, ndipo pepala lina lisungidwe kwa anyakwawa. Mudzi ulembenso malo a onse: manda, madambo, busa la ng'ombe, zitsime, thengo la nkhuni ndi mankhwala. Malo amenewa ndiwo amatengedwa poyamba, cifukwa wobwera amati palibe mwini. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango yake n'kulembetsa ku boma, mfumu itavomereza, ndipo madera ena a m'cigawo cino acita kale zimenezi.

Tikumbukire amai amasiye ndi ana. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 silikhudza malo a mwambo, conco mai amene mwamuna wake wamwalira amadalira mwambo ndi cifundo ca acibale. Dzina lake likalembedwa pa cikalata ca munda mwamuna akali moyo, mikangano yambiri ya pamaliro imapewedwa.

Mlendo akabwera ndi nkhani ya malo, tifunse mafunso asanu tisanasaine kanthu: mahekitala angati, kwa zaka zingati, kodi malowo asinthidwa kukhala a taitolo, okhalapo apita kuti, ndipo malonjezo a cipatala kapena mjigo alembedwa pati. Kusaina pa pepala la opezeka pamsonkhano kusasanduke kuvomereza. Tiwerenge mutu wa pepalalo, ndipo osadziwa kuwerenga awerengeredwe ndi munthu wao. Pakakhala vuto, dandaulo lilembedwe kwa mfumu, kwa mlembi wa khonsolo ndi kwa Commissioner of Lands, makope asungidwe, ndipo thandizo lifunidwe ku Legal Aid Board, ku Zambia Land Alliance kapena ku ofesi ya Human Rights Commission ku Chipata. Ngati zafika poyenda poyera, tidziwitse apolisi mwa kalata, tisankhe otsogolera odziwika, ana atsale kunyumba, mowa ndi zibonga zisapezeke, ndipo msewu ukhale wotseguka.

Mipingo nayo isadzipatule ngati ilibe mlandu. Mamishoni ndi machalichi ambiri anapatsidwa malo aakulu kalekale, ndipo lero midzi yawazinga. Pamene tikufuna taitolo ya malo a mpingo, anansi athu afunsidwe monga momwe ife tifunira kufunsidwa. Ambiri a ife tinaphunzira ku Sande sukulu nkhani ya Naboti ndi munda wake wa mphesa. Mfumu Ahabu anautenga mundawo misonkhano itacitika, mboni zitaimirira, makalata atadindidwa. Mapepala onse anali m'malo mwake, ndipo mneneri Eliya anatumidwabe kukakumana naye m'munda momwemo.

Pakati pathu pa Sabata pamakhala anyakwawa, nduna za mafumu, makhansala, apolisi, ogwira nchito ku khonsolo ndi alimi, onse pa benchi imodzi. Ndi malo ocepa m'boma muno amene anthu onsewa amakumana sabata ndi sabata. Tikupempha akulu a mpingo, a cigwirizano ca amai ndi acinyamata kuti caka cino, mvula isanayambe, mpingo uliwonse upatule tsiku limodzi lokambirana za malo a m'midzi yake, aitane anyakwawa, ndipo ayambe kulemba malire pamene anansi akali kupatsana moni.